Dzanja la Ama NyaLongwe

Zikomo aphunzitsi pondipatsa mpata uwu. Moni nonse, inu amene mwakhala kutsogolo kuno, ndi inunso amene mwadzipanikiza kukhoma lakumbuyoko poganiza kuti sindikukuonani. Ndikukuonani bwinobwino. Benchi imeneyo ndimaidziwa, inali yanga.

Dzina langa ndine Lusungu Mphande, wa ku Bandawe. Kwathu amangoti NyaMphande. Chichewa changa chikamapendama mundikhululukire, lilime ili linakulira m'Chitonga. Ntchito yanga ndi ya zamagetsi, yomwe ambiri a inu mukuphunzira, ndipo ndinaiphunzirira m'wekishopu momwe muno. A Phiri, aphunzitsi anuwa, atandiimbira foni kuti ndidzakuuzeni za kawerengedwe kabwino, ndinawayankha kuti ine sindingalankhule za kawerengedwe osatchula dzanja la mayi wina wa ku Kande. Iwo anati, "Dzanjalo ndi lomwe ndikufuna amve." Mayiwo ndinawapempha, anandilola. Nkhaniyi imandiopsabe mpaka lero.

Ine ndinakulira m'tchalitchi. Ana a ku Bandawe, ku Chintheche, ku Mpamba, mukudziwa mmene timaphunzirira kumeneko. Mphunzitsi wa Sande sukulu afunsa funso la katekisimu, ana tonse n'kuyankha limodzi ngati mvula pa malata. Vesi akalitchula, tonse limodzi. Nyimbo, tonse limodzi. Mawu anga anali okwera kuposa a anzanga, ndiye akuluakulu ankandiloza nati, "Mwana wa a Mphande uyu mutu wake ndi wakuthwa." Ndinakhulupirira. Ndani sangakhulupirire zabwino zomunena?

Nditafika pano ndinabwera nako kachitidwe komweko. Tinapanga gulu lowerengera limodzi, pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa wekishopu uko. Mmodzi ankagwira notsi n'kuwerenga funso, ena tonse kuyankha. "Ntchito ya waya wa efi ndi chiyani?" Mnyamata wina wa ku Mpamba, Gift, ankayamba, "Kupereka njira..." ndiye tonse: "...yoti magetsi othawa apite pansi!" Abale, zinkamveka bwino. Anthu a zaukalipentala akamadutsa ankatichitira nsanje. Tinkachoka pamtengo paja mitima ili mbee, tikuti lero tawerenga.

Nanga ku pulakitiko? Mukudziwa nokha kuti zida sizikwanira. Bolodi limodzi, gulu lonse kuliunjirira. Gift ndi mnzake ankalumikiza mawaya. Ine ndinali katswiri wopatsira pulayazi. Ndinalinso katswiri wogwedeza mutu, komanso wolemba lipoti ndi zilembo zokongola. Malikisi ankabwera a gulu lonse, ine n'kulandira nawo. Mayeso olemba akayandikira ndinkatenga mapepala a zaka zam'mbuyo n'kuwameza onse m'sabata yomaliza, kukawasanza m'mayeso, pofika Lolemba lotsatira m'mutu muli yeretete. Palibe tsiku ndinabera mayeso. Palibe tsiku ndinajomba. Ndikufuna mumvetse zimenezi: sindinali waulesi. Ndinkalimbikira, koma ndinkalimbikira chinthu chosabereka.

Nthawi ya atachimenti, yokaphunzirira pantchito, ananditumiza ku loji ina ya ku Kande. Kumeneko ndinali pansi pa Ada Kamanga, bambo amene ankayang'anira magetsi ndi mipope yonse. Kwa iwonso ndinapitiriza ukatswiri wanga wopatsira zida. Kunalinso mayi wina wochapa zovala za alendo, Ama NyaLongwe, mnzawo wa mayi anga a mpingo umodzi. M'mawa uliwonse ankandisungira tiyi ndi chinangwa chophika, n'kumati, "Bwera kuno, mwana wanga wa ovololo. Akazi anzako akukunyadira."

Loweruka lina Ada Kamanga anapita ku maliro ku Usisya, ndipo mukudziwa kuti kumeneko munthu sapita n'kubwerera tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo kunafika chigalimoto chodzaza alendo. Nsalu zoyala pabedi zinali mulu, ndipo magetsi a m'chipinda chochapira anayamba kuzima. Manejala anandipeza ndikumwa tiyi.

"Sisi, si inu a zamagetsi? Tatithandizani. Alendo afika, mabedi ali osayala."

Ndinapita pabokosi la mabuleka. M'bokosimo munali buleka ija yoteteza anthu, imene imadula magetsi ikangomva kuti akuthawira kosayenera. Ndinaikweza. Ama NyaLongwe atayatsa makina ochapira, thaa! yagwa. Ndinaikwezanso. Thaa! Ntchito ya buleka imeneyo ndinali nditaiimba kambirimbiri pansi pa mango. Mukanandidzutsa kutulo n'kutchula liwu loyamba, ndikanamaliza chiganizo chonse. Koma pabokosi paja panalibe wotchula liwu loyamba. Panali ine, bokosi, ndi manejala akupumira pakhosi panga. Pakhomo panaima wophika ndi mlonda, akufuna aone ngati mtsikana wa ovololo amadziwadi kanthu.

M'mutu munali zii. Ndikanangonena kuti, "Bwana, sindikudziwa, tidikire Ada Kamanga," bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani. Koma ndinaopa kusekedwa. Ndinadziuza kuti buleka yakalamba, yayamba kugwa yokha. Ndinazimitsa swichi yaikulu, ndinatenga kachidutswa ka waya, ndinaidumphitsa buleka ija kuti magetsi azingodutsa osaimva. Nditayatsa, makina analira bwinobwino. Manejala anawomba m'manja. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuyenda ngati mwini loji.

Sindinafike patali. Pansi m'chipinda chochapira pamakhala ponyowa, ndipo Ama ankakonda kuvula patapata kuti asaterereke. Anagwira chitsulo cha makina aja. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sindingawayerekeze ndi kulira kwa munthu. Ndinathamanga n'kuwapeza atakanirira pamakinapo, thupi lonse likugwedezeka, maso ali pa ine. Ndipo ine wa zamagetsi ndinaima ngati chitsa. Amene anathamangira kukazimitsa swichi yaikulu anali wophika uja.

Sanafe. Mulungu anatichitira chifundo tonse awiri. Koma chikhatho chakumanja chinapsa, ndipo zala ziwiri zinapindika osawongokanso. Ada Kamanga atabwera anatsegula bokosi, anatulutsa kawaya kanga, anakakweza m'mwamba pamaso pa antchito onse. Anapeza kuti chotenthetsera madzi cha m'makina chinali chitawola, magetsi akuthawira m'chitsulo, ndipo waya wa efi unali utadyeka ndi dzimbiri kuseri. Sanandikalipire. Anangoti, "Buleka ija imakuwa kuti kuli ngozi, NyaMphande. Iwe unaitseka pakamwa."

Kuchokera apo zinthu zinatsetsereka msanga. Ku loji anandibweza. Kuno anandiitana kukaonekera kwa akuluakulu, anandichenjeza, koma anandilola kulowa mayeso a pulakitiko. M'mayeso amenewo mulibe gulu, munthu umaima wekha pabolodi lako. Ndinagwira sikuludiraiva, dzanja linakana. Nthawi inatha ndisanamange ngakhale soketi imodzi. Ndinalephera. Anandiuza kuti ndatsala ndi mwayi umodzi, ulendo wotsatira, ndipo ukapita umenewo basi.

Ndinabwerera ku Bandawe ndili munthu wina. Ndinkaopa swichi ya m'nyumba mwathu, mpaka mayi ndiwo ankandiyatsira. Foni ndinkapempha mng'ono wa mayi kuti andiikire pa chaja. Chitseko chikamenyetseka, thaa, ndinkadumpha. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ndinkati apolisi andipeza. Kutchalitchi ndinasiya, poopa kukumana ndi amayi a ku Kande. Ndinayamba kuthandiza mnzanga wina kugulitsa usipa pa Chintheche, ndipo ndi kumeneko ndinaphunzira kuti kachasu amagonetsa mantha. Ndinkamuthira m'botolo la zakumwa zozizira kuti anthu asadziwe. Anthu ankadziwa. Mwana wa kwaya, mwana wa a Mphande wa mutu wakuthwa, tsiku lina masana dzuwa lili pamutu anapezeka atagona pa siteji ya minibasi, atadzisanzira, makondakitala akumulumpha. Wina anakauza mayi anga. Anabwera, anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa, anandikweza minibasi. Chitenje chimenecho chinandipweteka kuposa ndodo.

Za mwayi womaliza uja ndinali nditaziika kumbali. Ndinati ine ndi mawaya tinasiyana.

Kenaka azakhali anga anamwalira. Maliro a pabanja sungawathawe, ngakhale utakhala ndi manyazi otani. Tsiku loika, titanyamuka kupita kumanda, amayi tinali kumbuyo kwa bokosi tikuimba. Mayi amene ankatsogolera nyimbo mawu anali atamuthera. Nyimbo ina itatha, wina anandigunda m'nthiti.

"NyaMphande, yambitsa ina. Iwe si wa kwaya?"

Anatchula ndi nambala yake yomwe. Nyimbo imeneyo ndaimba kuyambira ndisanadziwe kumanga chitenje. Ndinatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Liwu loyamba, poyambira pake, zonse zinasowa. Mukudziwa mmene zimakhalira gulu la maliro likamayenda popanda nyimbo: kunkangomveka mapazi pamchenga ndi kufwenthera kwa anamfedwa. Amayi anayamba kucheuka. M'mutu munali zii, ngati tsiku lija pabokosi la mabuleka. Ndinkangoti ndikomoka pompano, pamaso pa mudzi wonse.

Ndiye kumbuyo kwanga mawu ena anayamba nyimbo ija. Atangotchula liwu loyamba, nyimbo yonse inandibwerera, ndime zake zonse, ndi alito yake yomwe. Ndinacheuka kuti ndione amene wandipulumutsa. Anali Ama NyaLongwe. Dzanja lawo lakumanja anali atalipachika pachifuwa, m'mphepete mwa chitenje.

Ndinayenda mpaka kumanda ndikuimba, misozi ili chuchuchu, anthu n'kumati ndikulira azakhali. Ndinkalira azakhali, inde, koma ndinkaliranso chinthu chimene ndinachiona pamsewu pomwepo. M'moyo wanga wonse sindinayambitsepo nyimbo. Ku Sande sukulu ankayamba ndi mphunzitsi. Pansi pa mango ankayamba ndi Gift. Ku loji ankayamba ndi Ada Kamanga. Ine ndinkangokwera pamsana pa mawu a wina, ndipo popeza pakamwa panga pankayenda, ndinkati ndikudziwa. Tsiku limene ndinatsala ndekha, munthu anapsa.

Titabwerako kumanda, pamene anthu amasamba m'manja pakhomo, ndinayesa kuzemba kuseri kwa khitchini. Ama NyaLongwe anandiona.

"Lusungu. Bwera kuno."

Ndinapita, ndinagwada. Anatulutsa dzanja lija m'chitenje n'kulitambasula pamaso panga. Aka kanali koyamba kuliona chichokereni kuchipatala. Khungu la pachikhatho linali losalala monyezimira, zala ziwiri zitakhota ngati mbedza.

"Gwira," anatero.

"Ama, ndikuopa."

"Ine ndinagwira chitsulo chako. Iwe ukuopa dzanja? Gwira."

Ndinaligwira. Linali lofunda, dzanja la munthu wamoyo.

"Kufinya nsalu sindingathenso," anatero. "Andiika kopinda matawulo. Zingwe za nsapato za adzukulu amandimangira ndi ena. Usanamizike kuti ndakukhululukira, sindinafike pamenepo. Koma ndamva kuti wasiya sukulu, ukumwa pa Chintheche. Zoona?"

"Zoona, Ama."

"Ndiye dzanja ili ndinapereka ulele? Ndipse ine, kuti pamapeto pake tipeze chidakwa?" Anabweza dzanja lija m'chitenje. "Tamvera. Mwana wanga wa ku Joni akundimangira nyumba. Mapolo a magetsi afika kale kumudzi kwathu. Mawaya a m'nyumba imeneyo udzaika ndiwe. Ndipo woyamba kugwira swichi ndidzakhala ine, ndi dzanja lomweli. Ukaphunzire bwino, chifukwa ukadzalakwitsanso udzandimaliza."

Anzanga, musaganize kuti mawu amenewo anandilimbitsa mtima. Anandiopsa kuposa apolisi onse amene ndinkawalota. Mayi uyu anatenga moyo wake n'kuuikanso m'manja omwe anamuwotcha. Kachasu ndinasiya sabata yomweyo, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzagwira waya wa m'nyumba mwawo ndi mutu wa matsire.

Ndinabwera kwa a Phiri. Ndinawauza kuti ndikufuna kulowanso mayeso, andibwereke notsi ndiwerengenso. Anakana. Anandipatsa pepala loyera ndi pensulo.

"Mayi Mphande, jambulani mmene mungalumikizire babu limodzi kuti liziyatsidwa ndi maswichi awiri."

Chithunzi chimenecho ndinali nditachikopera kambiri, ndi mapensulo a mitundu. Ndinakhala pamenepo thukuta lili kamukamu, n'kujambula chinthu chooneka ngati ukonde wong'ambika. Kenaka anatsegula buku n'kundionetsa.

"Aa, inde, ndikuchidziwa ichi!" ndinatero.

"Ayi, mukuchizindikira," anatero a Phiri. "Nkhope ya kondakitala wa minibasi mumaizindikira, koma simungaijambule. Anthu amene amafufuza za mmene munthu amaphunzirira amagwirizana pa mfundo iyi: kuwerenga mobwereza kumakupatsani mtima woti mukudziwa, koma chimene chimakhazikitsa chinthu m'mutu ndi kuchitulutsa nokha, buku litatsekedwa. Zimawawa, ndipo mudzaona ngati mukubwerera m'mbuyo. Kuwawako ndiye kuphunzira."

Ndiye ndikuuzeni zimene ndinachita, mutolepo zimene mungathe.

Ndinayamba kutseka buku. Ndikawerenga kachigawo kamodzi, ndinkalitembenuza n'kulemba zonse zimene ndikukumbuka, kapena kujambula pamchenga wa pabwalo ndi kamtengo. Ndikamaliza m'pamene ndinkatsegula n'kuona pamene ndaphonya. Masiku oyamba ndinkaphonya pafupifupi zonse, ndipo ndinkalira. Munthu amene wakhala akutchedwa wanzeru kuyambira ali mwana, kuona umbuli wake uli poyera pamchenga, nkhuku zikuupondaponda, si chinthu chapafupi. Koma mchenga unkandiuza zoona, pamene mtengo wa mango uja unkandinamiza.

A Phiri anandiletsanso kumeza zonse nthawi imodzi. Chimene ndaphunzira lero ndinkachisiya, n'kudzachifunsanso patapita masiku, pamene chayamba kuzilala. Chikabwera movutikira, ulendo wotsatira chinkabwera msanga. Ndinalemba mafunso pa timapepala n'kutiponya m'chitini cha mkaka: la mabuleka, la masamu a kukula kwa waya, la mota, la chitetezo, onse pamodzi. M'mawa ndisanapite kumunda ndinkapisa dzanja osayang'ana. Paja katekisimu amayenda mwa ndondomeko, funso ili likatha mukudziwa lotsatira. Nyumba ya munthu siyenda choncho. Vuto silikuuza kuti ine ndachokera pa mutu wakutiwakuti wa m'buku. Kusakaniza kuja kunandiphunzitsa kuyamba ndadzifunsa kuti, kodi ili ndi vuto la mtundu wanji?

Mayi anga nawonso anandithandiza osadziwa. Akamasenda chinangwa ndinkakhala pambali n'kuwafotokozera, m'Chitonga, chifukwa chake buleka imagwa. Mayi sapita m'mbali. "Chifukwa chiyani?" Ndikayankha, "Nanga chifukwa chiyani?" Ndikayamba kuwaimbira Chingerezi cha m'notsi ankati, "Zimenezo ukauze azungu ako a ku Kande, ine undiuze zomveka." Pamene ndakanika kuwauza zomveka, ndinkadziwa kuti pamenepo ineyo sindinamvetse. Yesani pa munthu wa kwanu amene sachita nanu manyazi.

Koma chachikulu chinali manja. A Phiri anandilola kumabwera muno Loweruka, ndipo Gift, amene anali atakhoza kale, anavomera kumandiperekeza. Lamulo linali lakuti Gift asagwire chida ndipo asatchule liwu loyamba. Ankakhala pa benchi atapinda manja, ndikuona kuti pakamwa pakumuyabwa. Tsiku loyamba ndinangomanga soketi imodzi, magetsi atazimitsidwa, ndipo ndinatuluka kukasanza kuseri chifukwa cha mantha. Pang'onopang'ono tinafika poti ine ndituluke panja, iye awononge china pabolodi mwadala, ndibwere ndichipeze. Ndikasowa, ndinkayenera kunena mokweza kuti, "Sindikudziwa." Mawu amenewo ndinachita kuwayeserera ngati nyimbo yatsopano, chifukwa ndi amene anandikanika ku Kande.

Sindikuti musiye magulu. Khalani nawo, koma musinthe kachitidwe. Funso likafunsidwa, aliyense ayankhe yekha papepala, pakamwa patatsekedwa, kenaka muonetsane. Pabolodi muzisinthana, ndipo amene amakonda kupatsira pulayazi ndiye ayambe. Ngati m'gulu mwanu muli Gift, mumukonde, koma mumutseke pakamwa. Ndipo mayeso akakhala mawa, gonani. Mutu wosagona uli ngati ukonde wobooka, umalowetsa zambiri n'kufika kumtunda wopanda kanthu.

Tsiku la mayeso linafika. Sindinadye. Gawo loyamba, lomanga, ndinamaliza manja akudziwa kopita. Gawo lachiwiri linali lofufuza vuto. Woyesa anandiimika pabolodi limene analikonzeratu, nati, "Yatsani." Ndinakweza buleka.

Thaa!

M'maganizo ndinaona chipinda chochapira chija. Ndinaona madzi pansi, patapata ali pambali. M'makutu munalira. Woyesa anayang'ana wotchi yake. Panalibe Gift, panalibe Ada Kamanga, panalibe woyambitsa. Ndiye ndinamva mawu anga omwe, otsika, akufunsa funso la m'chitini: buleka iyi ikagwa, ikunena chiyani? Ndinadziyankha: magetsi akuthawa penapake. Usaitseke pakamwa, ifunse kuti kuti. Ndinatsitsa mabuleka ang'onoang'ono onse, ndinakweza yaikulu, n'kumabwezera imodziimodzi mpaka inagwanso pa mzere wa masoketi. Ndinazimitsa zonse, ndinatsimikiza ndi tesita kuti mawaya afa, ndinayeza ndi mita. M'kabokosi kachitsulo ka soketi ina munali waya wosupuka, ukukhudza chitsulo.

Sindinakhale nambala wani, ndisakunamizeni. Ndinakhoza pakatikati. Koma ndinakhoza ndekha.

Nyumba ya Ama NyaLongwe ndinaiika mawaya chaka chathachi. Ndinapempha Ada Kamanga kuti aziyang'anira, ndipo anavomera, ngakhale ankandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu amene anamulumapo. Chitsulo cha efi ndinachikhoma ndekha pansi. Mzere uliwonse ndinauyeza, ndikamaliza n'kuuyezanso, mpaka Ada anati, "Iwe, udzaibowola mita imeneyo." Tsiku loyatsa, anthu oyandikana nawo anadzaza pakhonde. Ndisanawalole Ama kugwira chilichonse, ndinapita pabokosi n'kudina kabatani koyesera buleka yoteteza.

Thaa!

Ama anadumpha. "Yawonongeka?"

"Ayi, Ama. Ikunena kuti ili maso."

Ndinaikweza. Ama anayenda mpaka pa swichi ya pabalaza. Atafika anaima, anawerama, anavula patapata n'kuwaika pambali. Anaponda simenti ndi mapazi opanda kanthu, ngati tsiku lija.

"Ama, valani, chonde," ndinatero.

"Wati ili maso. Kapena wanama?"

"Sindinaname."

Anakweza dzanja lakumanja. Zala zopindika zija sizikanatha kudina, ndiye anadina ndi mfundo ya chala. Babu linayaka. Anthu pakhonde anaimba nthungululu, koma Ama sanaseke. Anangoima pamenepo, dzanja lili pa swichi, akuyang'ana kudenga. Kenaka anathokoza m'Chitonga, nati, "Yewu, mwana wanga wa ovololo. Lero ndakukhululukira theka. Theka linalo ukalipeze kwa ana a kusukulu kwanu, ukawauze asanatuluke."

Ndi chifukwa chake ndaima pano. Mantha sanandithere, ndipo sindikufunanso kuti athe. Bokosi lililonse ndikamalitsegula ndimaopabe, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimadziwa poyambira.

Mukatuluka muno, musapite pansi pa mango. Aliyense atenge pepala loyera, akhale payekha, atseke buku, ajambule chimene anaphunzira sabata yatha. Chikakana kutuluka, thokozani Mulungu kuti chakanira papepala. Inu a kubenchi yakumbuyo, makamaka inu. Panopa ku Kande, ku Chintheche, ku Usisya, kuli mayi wina amene simukumudziwa, naye sakukudziwani. Wavula patapata, waima ponyowa, akufinya nsalu. Zala zake zonse zikuwongoka bwinobwino. Tsiku lina adzagwira chitsulo chimene mwalumikiza inu.

Yewu. Ndathokoza pondimvera.